Tsiku Limene Ndinalankhula ndi Apongozi Nditaimirira

Ana anga, mwakhala mukundifunsa, makamaka iwe Tiwonge, chifukwa chimene agogo anu a Harawa sankadyera kwathu, ndiponso chifukwa chimene ankanditchulira kuti "a folomani" ngakhale pamaliro. Amayi anu ankangokuyankhani kuti ndi za akuluakulu. Lero amayi anuwo kulibe, ine shuga wandikhazika pansi, ndiye ndati ndilembe ndekha musanakaimve kwa anthu a ku Njakwa, amene adzaikometsera mbali yawo. Za ubwana wanga ku Dowa sindinenapo. Ndinkaweta mbuzi ngati mwana wina aliyense.

1978: Kufika ku Rumphi

Ndinatuluka kusukulu ya ntchito zamanja ndili ndi pepala la giredi fili komanso matama osaneneka. Kampani ina ya zaulimi inandilemba ntchito n'kunditumiza ku wekishopu yake kufupi ndi Njakwa, dziko limene sindinkamva ngakhale moni wake. Wekishopuyo inali chinyumba cha malata chotentha ngati uvuni, jenereta ikulira kuseri, ndipo pakati penipeni panali makina osemera zitsulo, amodzi okha, akale, obiriwira. Inu simunawaonepo akugwira ntchito, ndiye ndifotokoze. Chitsulo umachimanga m'chibwano cha makinawo, chimene tinkachitcha chaki. Chakiyo imazungulira mwaliwiro, iwe n'kumasendeza mpeni wolimba pang'onopang'ono, ukusenda chitsulocho mpaka chifike pa muyeso umene ukufuna. Shafuti ya chigayo, pini ya thalakitala, bawuti wa pampu, zonse zinkabadwira pamenepo. Chakiyo umaimanga ndi kiyi, chitsulo cholemera chokhala ndi chogwirira chopingasa. Kiyi ameneyu musamuiwale, chifukwa nkhani yonse ili pa iyeyo.

Mwini makinawo, ngakhale sanawagule, anali a Harawa. Anali munthu wamtali, mkulu wa mpingo, wophunzira ntchito kumishoni n'kukaikhwimitsira kumigodi ya ku Zambia. Ovololo yawo inkasitidwa, manja ake opindidwa mpaka m'zigongono, ndipo Chingerezi ankachilankhula mokhala ngati akuchilawa. Nditawaonetsa pepala langa analiyang'ana pang'ono n'kundibwezera.

"Yewo. Nanenso ndili nalo, lili m'sutikesi," anatero. "Iwe wa ku Dowa, tandionetsa manja."

Ndinawatambasula. Anatembenuza dzanja lililonse ngati akugula nsomba, kenako anati: "Zala zonse zilipo. Ntchito yanga ndi yoti udzapite nazo kwanu zonsezo. Zina udzaphunzira wekha."

Miyezi yoyambayo makina sindinawakhudze. Ndinkasesa nyenyeswa za chitsulo ndi burashi, chifukwa ukazigwira ndi dzanja zimacheka ngati lezala. Ndinkanola mipeni pa mwala, iwo n'kuikana, ine n'kunolanso. Ndinkapala kachitsulo ndi tupa kuti mbali zonse zifanane, mpaka matuza anaphulika n'kusanduka zikang'a. Ndinkadana nawo munthu ameneyu, sindibisa. Koma ndi iwo anandiphunzitsa kumva ntchito ndi khutu: mpeni wabwino umaimba mosalala, wobuntha umalira ngati nkhumba, ndipo nyenyeswa zikayamba kutuluka zabuluu ndiye kuti wathamangitsa makina. Anandiphunzitsa kuyeza ndi kachipangizo kamene kamaona kusiyana kochepa kuposa tsitsi, ndi kusayeza chitsulo chikadali chotentha chifukwa chikazizira chimabwerera. Wotchi, mphete, malaya olendewera, zonsezo zinali zoletsedwa. Koma lamulo lalikulu linali la kiyi. Kiyi akakhala m'chaki, dzanja lako lisachokepo. Ukamusiya n'kuyatsa makina, amauluka ngati mwala wa legeni, ndipo amene wamupeza sadzuka.

"Wosiya kiyi achoke pa makina," ankatero. "Osati mawa yayi. Pomwepo, ndipo sabwereranso."

Sikunali kuopseza chabe. M'wekishopumo munali bambo wina wowotcherera zitsulo, a Msiska, munthu wanthabwala koma wosaiwala. Iwowo poyamba ankaphunzira kusema, ndipo akuti anali ndi dzanja labwino. Tsiku lina anasiya kiyi m'chaki akutembenuka kuti atenge mafuta. Makina anali asanayatsidwe n'komwe, koma a Harawa anawachotsa, ndipo a Msiska anakalambira pa moto wowotcherera ndi maso ofiira.

1981: Kukhala mkweni

Amayi anu, NyaHarawa, ndinawaonera pakhomo pa wekishopu pomwepo, akubweretsera bambo awo tiyi ndi chinangwa. Zimene zinatsatira si za m'buku lino. Ndinene chabe kuti kwathu mkamwini amapita kwa mkazi, pamene kuno anandiuza kuti ndipeze thenga, munthu wondilankhulira, ndiponso ng'ombe. Abale anga ku Dowa anaseka, amati ndikugula munthu. Thenga wanga anali a Msiska omwewo, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa mwambo: mkweni, ndiye kuti mkamwini, salankhula ndi apongozi ake ataimirira, sawayang'ana m'maso, sawatsutsa pamaso pa anthu, ndipo akakhala ndi mawu olemera amatuma munthu.

Kunyumba zinali zosavuta, unkangonjuta n'kuwomba m'manja. Kuntchito ndiye kunali nthabwala, chifukwa tinkagwira makina amodzi. A Harawa anasiyiratu kundikalipira. Ndikalakwitsa ankatembenukira kwa a Msiska, ine ndili pambali pawo penipeni, n'kunena mokweza: "A Msiska, auzeni akweni kuti mpeni wawo wabuntha chomene." A Msiska ankakweza chigoba chawo chowotcherera n'kunena kuti, "Akweni, mwamva." Ine ndinkayankha kuti, "Auzeni adada kuti ndanola." Anthu obwera ndi ntchito ankaseka mpaka kugwira nthiti. Masiku amenewo ndi okhawo amene ndimawakumbukira popanda kuwawa mtima.

1983 mpaka 1989: Zaka za kusowa

Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira, katundu anayamba kuvuta. Chitsulo chatsopano chinkabwera mwa apo ndi apo, mipeni yogula inatha, dizilo wa jenereta ankayezedwa ngati mankhwala. Koma zinthu sizinasiye kuthyoka. Alimi a fodya a ku Mwazisi ankabwera ndi ma ekiselo a ngolo opindika, asodzi a ku Mlowe ankakwera mtunda wonse uja atanyamula shafuti ya injini ya boti m'chiguduli chonunkha usipa, eni zigayo ankagona pakhonde kudikira pini. Tinkayenda m'matchire kufunafuna magalimoto akufa. Ekiselo ya lole yakufa tinkaiotcha pa makala, n'kuikwirira m'phulusa kuti ifewe, kenako n'kusemamo zinthu zatsopano. Pampu ya chipatala china inayenda zaka zambiri ndi shafuti yochokera ku thalakitala imene inagwera m'ngalande.

Mabwana ankabwera n'kumapita. Wina anali wabwino koma wamantha, chilichonse ankati afunse kaye ku likulu. Wina ankafuna ntchito ya mawa ithe dzulo, ndipo ankaima kumbuyo kwako tayi ikulendewera pafupi ndi chaki, mpaka a Harawa anazimitsa makina n'kumuuza m'Chingerezi chaulemu kwambiri kuti magazi ake sitikhala ndi sopo wochapira. Ine m'zaka zimenezo ndinalemba mayeso a giredi thu ndi giredi wani, n'kukhoza. Folomani wathu atapuma, bwana anafuna kuika a Harawa, koma iwo anakana.

"Ine kukhala pa tebulo yayi," anatero. "Ndikachoka pa makina awa mudzandinyamule. Apatseni akweni, ali ndi mutu."

Ndinasangalala, ndinagulira amayi anu chitenje. Sindinaganize kuti tsiku lina folomani adzayenera kulamula apongozi ake. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma sananene kuti nkhonyayo imachokera m'nyumba mwako momwe.

1990 ndi 1991: Maso

Zinayamba pang'onopang'ono. A Harawa anasiya kuwerenga mawu kutchalitchi, amati apatse mpata achinyamata. Kuntchito anayamba kunyamula choyezera kupita nacho pazenera. Kenako anayamba kutuma a Msiska kuti, "Afunseni akweni awerenge apa, ndione ngati akadali akuthwa." Ndinkawerenga, ndikudziwa kuti si mayeso. Chimene chinkandiopsa chinali kuwerama kwawo. Munthu amene anandiphunzitsa kuima chilili patali ndi chaki tsopano ankasendeza nkhope mpaka mphepo ya chitsulo chozungulira inkagwedeza tsitsi lawo, ndipo ankapapasa ntchito ndi zala makina asanaimiretu.

Ndinayesa njira zonse zimene mwambo umalola. Ndinatuma a Msiska, iwo anabwerako ndi yankho lakuti akweni asamale za mapepala awo. Ndinauza amayi anu, iwo anakakamiza bambo awo kupita kuchipatala. Madokotala anati si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi matenda amene akuphera maso m'kati, ndipo chimene chapita sichibwerera. A Harawa anabwerako ndi kabotolo ka mankhwala odonthezera, n'kuuza aliyense kuti adokotala ati ndi fumbi chabe. Ndinayamba kuwapatsa ntchito zosavuta, zazikuluzikulu, ine n'kumatenga zofuna muyeso wosamala. Anazindikira, ndipo anakhala masiku osandiyankha moni.

Tsiku limene zinafika povuta linali la mwezi wotentha, cham'mawa, anthu ali ambiri pakhonde chifukwa mvula inali pafupi ndipo aliyense ankafuna ngolo yake. A Harawa ankamanga ekiselo ya mlimi wina wa ku Mwazisi. Ine ndinali pa tebulo langa. Ndinamva makina akuyamba, kenako chiphokoso ngati mfuti. Kiyi anadutsa pafupi ndi khutu la a Msiska, amene anali atawerama pa ntchito yawo, n'kuboola lata la denga n'kukagwera panja. Dzuwa linalowa pa bowolo n'kugwera pansi pakati pa wekishopu. A Msiska anavula chigoba chawo pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana ine, osati a Harawa.

"A folomani," anatero motsitsa mawu, "ine ndinachoka pa makina chifukwa cha kiyi yemweyo, ndipo wanga sanauluke. Tione lero."

Mlimi uja anatola kiyiyo panja n'kubwera naye. A Harawa anamulandira, n'kumupukuta pa ovololo ngati palibe chachitika, n'kunena kuti, "Yewo, tipitirize." Anabwerera pa makina, n'kuyamba kupapasa pofuna bowo la chaki, dzanja lina lili kale pa chogwirira choyatsira. Ndinaona kuti ekiselo ija sinamangike bwino, inali itapendekeka. Panalibe nthawi yotuma munthu, ndipo munthu woti ndimutumeyo ndi amene anatsala pang'ono kufa. Ndinathamangira kukhoma n'kuzimitsa magetsi a wekishopu yonse. Kenako ndinayenda mpaka pamaso pawo. Sindinanjute. Ndinawayang'ana m'maso, maso amene mwina sankandiona n'komwe, n'kunena kuti:

"Adada, wosiya kiyi achoke pa makina. Ndipatseni kiyiyo."

Anafunsa, mawu ali phee: "Mukulankhula ndi ine, akweni? Mwaimirira?"

"Ndaimirira, adada. Ndipatseni."

Sanandipatse m'manja. Anamuika pansi, pa simenti, pakati pa mapazi anga. Anatsitsa manja a ovololo aja, amene sindinawaonepo atatsitsidwa, n'kumanga mabatani ake. Anati, "Yewo, a folomani," n'kutuluka, dzanja likukhudza khoma. Anthu pakhonde anapatuka. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa kwa iwo linali limenelo.

Mbuzi imene inabwezedwa

Bwana wa nthawiyo anandiitana. Anati iye nkhani za pabanja sazilowerera: ndikanena kuti abwerere pa makina abwerera, ndikakana awapatsa ntchito yosunga zipangizo m'sitolo mpaka adzapume. Ndinapempha za sitoloyo. A Harawa atamva anati iwo si mlonda wa masipanala, ndipo sanapondenso pa wekishopu.

Lamlungu lotsatira akuluakulu a banja anandiitanitsa ku Njakwa. Ndinapita ndi mbuzi, ndinakhala pansi pa dothi, mutu uli pansi. Mng'ono wawo wa a Harawa ndiye ankalankhula. Anati za kiyi iwo sakuzidziwa, ndi za kuntchito, koma chimene mudzi wonse wamva n'chakuti mkweni wochokera kutali anaimirira pamaso pa apongozi ake n'kuwalanda chitsulo anthu akuona. Ndinavomera kuti ndinaimirira, n'kupepesa. Anati chabwino, mbuzi ailandira, ndipo mlandu utha ngati mawa mkuluyo abwerera pa makina ake, ngakhale kwa miyezi yochepa, kuti adzachoke yekha ndi ulemu wake.

Apa ndi pamene panali povuta, ana anga, osati tsiku la kiyi lija. Tsiku lija thupi linangochita lokha. Apa ndinali ndi nthawi yoganiza, amayi anu atakhala kumbali ya azimayi akundiyang'ana, ali ndi pakati pa iwe Chawanangwa. Ndikanangoti "yewo" ndikanabwerera kunyumba ndili mwana wa pamudzipo. Koma ndinkaona tsitsi lija likugwedezeka pafupi ndi chaki, ndi khutu la a Msiska. Ndinati: "Pa mwano wanga, onjezani mbuzi ina, ndipereka. Koma pa makina sabwerera ine ndili folomani. Ndikufuna adada akhale ndi manja awo onse."

A Harawa anaseka pang'ono. Anauza mng'ono wawo kuti, "Afunseni a folomani, manjawo ndizichita nawo chiyani?" Mbuzi ija inafika kunyumba kwathu ine ndisanafike, itamangidwa pa mtengo wa papaya.

Amayi anu sanandinyoze, koma madzulo ake anandifunsa akutsuka mbale, osandiyang'ana: "Simukanadikira kuti achoke okha?" Ndinati akanachoka atanyamulidwa. Iwo anati, "Ndi zimene ankafuna." Sitinakambenso nkhaniyi mpaka imfa ya amayi anuwo, koma inakhala nafe m'nyumba ngati mlendo wosatsanzika. Ankapita okha ku Njakwa ndi inu, ine ndinkakuperekezani mpaka pamsewu. Ndikakumana ndi apongozi kutchalitchi ndinkanjuta n'kupereka moni, iwo ankati, "Tili makora, a folomani," n'kupitirira. Ndinatumizapo shuga, bulangete, wailesi. Zonse zinkalandiridwa m'dzina la mwana wawo, osati langa.

Ena a inu mudzati ndinalakwa. Ine ndaganizira zaka zonsezi, ndipo ndikuuzani mosapsatira kuti tsikulo litabweranso ndingazimitsenso magetsi, ndingaimirirenso. Lamulolo silinali langa, anandipatsa ndi iwo. A Msiska anakalamba n'kuona zidzukulu zawo. Koma kukhoza sikutonthoza munthu. Ndinagwira makina aja zaka zina zambiri, ndipo sindinawakondenso. Bowo la padenga lija sindinalole kuti litsekedwe, ndipo ophunzira onse amene anadutsa m'manja mwanga ndinkawaimika pansi pake tsiku loyamba, osawauza kuti analiboola ndani.

1996: Ku Njakwa

Maso a apongozi anatheratu patapita zaka ziwiri. Munthu uja wa ovololo yosita anakhala wa pampando, pakhonde, manja ali pa maondo. Amayi anu ankati nthawi zina zala zawo zinkayenda zokha ngati zikupotokola chogwirira. Sanadwale matenda odziwika, anangofota. Uthenga utabwera kuti zavuta, ndinapita nawo limodzi amayi anu, ndipo aka kanali koyamba kuponda pakhomopo chibwezereni mbuzi ija. M'nyumba sindinalowe. Ndinanjuta pakhomo, chitseko chili chotsegula, ndikuwaona atagona pa mphasa, ataonda ngati mwana.

Amayi anu anawanong'oneza kuti ndabwera. Ndinkayembekeza, sindikana, kuti mwina anditchula kuti akweni kamodzi kokha. Anatulutsa manja m'bulangete n'kuwakweza pang'ono. Anali manja oyera, osalala, zikang'a zonse zitatha, opanda ndi kachipsera komwe katsopano. Anawatembenuza uku ndi uku, monga anatembenuzira anga tsiku loyamba lija.

"Auzeni a folomani," anatero kwa mwana wawo, "kuti manja awo aja ndi awa. Onse awiri, zala zonse zilipo. Ndawasungira bwino chomene. Sindinawagwiritse ntchito."

Amayi anu anatembenuka kuti andiuze, monga mwa mwambo. Ine ndinawomba m'manja n'kunena kuti, "Auzeni adada kuti ndamva."

Anamwalira m'mawa mwake. Zogwirira za bokosi lawo ndinasema ndine, pa makina awo omwe aja, ndipo palibe amene anazibweza.